Zenera la Pangodya

Anakumana tsiku limene mvula inanyowetsa mabuku. Mtsikanayo, amene dera lonse linkangomutchula kuti Wamabuku, anali atagwada pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika, akuyanika mabuku ake pamatumba. Loweruka lililonse ankabwera nawo m'makatoni kuti ana ndi akulu omwe aziwerenga pamthunzi.

"Pepani chemwali, mukuwayanika kuti muwakazinge?" anafunsa mnyamata wina, tepi yoyezera ili m'chiuno, pensulo kukhutu.

"Ngati mulibe chothandiza, njira ndi iyo!"

Mnyamatayo anali mmisiri wa matabwa, ndipo sanachoke. Anang'amba chidutswa cha katoni n'kujambulapo kanyumba. Makoma a nsungwi ndi matabwa akale, denga lozungulira mtengowo osadula nthambi ngakhale imodzi, madzi a mvula otsikira mumgolo wothirira maluwa, ndi mazenera akuluakulu oti kuwala ndi mphepo zizilowa zokha popanda magetsi.

Wamabuku anayang'ana chojambulacho, kenako anayang'ana mwini wake. Basi, mbalame inakodwa!

Komiti ya dera itavomereza, ntchito inayamba, mauthenga nawonso anayamba kugwa ngati mango akupsa. "Wadzuka bwanji duwa langa? Lero ndakhoma misomali yambirimbiri, uliwonse ndikukuganizira." Wamabuku ankawerenga uthenga umodzi kakhumi, iye amene anali ndi mabuku osawerenga odzaza katoni.

"Mng'ono wanga, pakamwa pa mnyamatayu pachuluka shuga," anatero achemwali ake. "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

Koma wokonda amamva ngati?

Masana ena mmisiri anamukhazika pa benchi imene anali atangoikhoma pangodya ya kum'mawa. "Khala mowongoka, usagwedere." Anayeza kuchokera pansi mpaka pamaso pake, n'kulemba kamzere ka pensulo pa nsanamira.

"Ngodya iyi ndi yako wekha, wapamtima wanga. Zenera lidzayambira pamaso pako penipeni, kuti ukatopa ndi buku uzingodzutsa mutu n'kuona maluwa. Ndipo likadzatha, ndidzakufunsa funso limodzi pompano."

"Usalakwitsetu, ukudziwa kuti ine n'kafupi."

"Ine? Ndimayeza katatu, n'kudula kamodzi. Tepi yanga sinama."

Kuyambira pamenepo anatchinga ngodyayo ndi ziguduli, ati asaone ntchito isanathe. Mauthenga anayamba kufupika, ena kuchedwa. Wamabuku ankangodziuza kuti munthu watanganidwa. Iye anadzala maluwa kunja kwa ngodya ija ndi manja ake, n'kumawathirira m'mawa uliwonse asanapite kwina kulikonse.

M'mawa wa tsiku lotsegulira analephera kupirira. Anachotsa ziguduli zija, nakhala pa benchi, n'kudzutsa mutu. Anangoona nsungwi. Zenera linayambira pamwamba pa mutu wake!

"Wokondedwa, zenera lakwera," anamulembera uthenga mmisiri.

Yankho linabwera patadutsa ola. "Ndalakwitsa pang'ono. Ndikubweretsera khushoni."

Kulakwitsa? Munthu woyeza katatu uja?

Anthu anabwera ambiri. Ana anathamangira kumashelefu, amayi akuyamikira kamphepo kayaziyazi kolowa m'nsungwi. Wamabuku akuika mabuku omaliza, panalowa namwino wamtali, wovala yunifolomu yoyera. Sanafunse njira. Analunjika pangodya paja, nakhala pa benchi ngati munthu wofika kwawo. Zenera linamufika pamaso penipeni.

"Inu ndinu Wamabuku uja, eti?" anatero namwinoyo akumwetulira mopanda chinyengo chilichonse. "Bwenzi langa amakutamani kuti ndinu olimbikira. Taonani maluwa mmene akuonekera! Anandiyeza katatu pompano, mpaka msana unandiwawa. Ndiye dzulo anandibweretsa kudzaona, n'kundifunsa funso lija."

Anatambasula dzanja. Mphete inanyezimira ndi kuwala kolowera pazenera.

Maso a Wamabuku anapita pa nsanamira. Kamzere kake kanali pomwepo, kofufutidwa ndi chala koma kooneka. Pamwamba pake panali mzere wina wakuda bii, ndipo macheka anatsata umenewo osaphonya. Zinamupweteka koopsa, osati chifukwa cha mphete yokha, koma poganiza kuti masabata onse aja ankathirira maluwa oti azikaonedwa ndi maso a wina.

Mmisiri anatulukira pakhomo, khushoni ili m'khwapa. Atawaona awiriwo pamodzi, anabwerera panja.

Wamabuku anamutsatira panja, pafupi ndi mgolo wa madzi, kuti ana asamve.

"Duwa langa, ndilole ndifotokoze..."

"Ufotokoze chiyani? Nsanamira yafotokoza kale." Misozi inatsika, koma sanaipukute. "Unanena zoona tsiku lija. Tepi yako sinama. Wonama ndiwe."

Anamulanda khushoni ija, nabwerera m'kati. Anaiponya pamphasa pakati pa ana, nakhalapo atafulatira ngodya ya kum'mawa, n'kutsegula buku loyamba. Powawerengera anawo, anachita kuyamba chiganizo choyamba katatu.