Ng'oma ya Atate m'Foni ya Anti

Ireen anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankakhala ndi amayi ake m'mudzi wina kuseri kwa Katete. Ireen ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuona nkhope ya atate ake.

Atate ake anali a Levison. Anamwalira Ireen ali wamng'ono kwambiri. Maliro atatha, achibale awo anabwera ndi ngolo. Anatenga njinga. Anatenga wailesi. Anatenga ng'oma. Anatenga sutikesi. M'sutikesimo munali zithunzi. Zithunzi anazitengeranji? Kaya. Koma anatenga. Sanasiye ngakhale chimodzi.

"Amama, Atate ankaoneka bwanji?" Ireen ankafunsa.

"Ankaoneka ngati munthu," amayi ankayankha. "Pita ukatunge madzi."

Ireen ankanyamula ndowa. Zala zake sizinkakhala chete. Zinkaimba pandowa paja.

Mbi! Mbi! Kenako zii. Kenako mbimbimbi!

"Iwe, leka zimenezo!" amayi ankakalipa. Chifukwa chake sankanena.

Tsiku lina kunabwera mlendo. Anali Anti Abigail, mng'ono wa amayi. Anachokera m'tauni ya Katete. Anabwera ndi foni yaikulu. Foniyo inalibe mabatani. Inali galasi lokhalokha.

Ireen anaiyang'ana. Anaiyang'ananso.

"Anti, muli chiyani umu?"

"Muli intaneti," anatero Anti. "Ukalemba chinthu, imakuonetsa."

"Chilichonse?"

"Yesa."

Ireen anati, "Njovu."

Anti anagwira galasi. Kagudumu kakang'ono kanayamba kuzungulira. Kanazungulira. Kanazungulira. Njovu sinabwere.

"Aa, pano palibe netiweki," anatero Anti. "Asisi, m'mudzi muno mumaimbira pati foni?"

"Pathanthwe," anatero amayi. "Pamwamba penipeni. Paja pagona mbuzi."

Anapita kuthanthwe. Dzuwa linali lisanapendeke. Ireen anakwera. Anti anavula nsapato, nawonso anakwera. Amayi sanakwere. Anatsala pansi. Ankatola nkhuni.

Pamwamba panali mphepo. Anti anakweza foni m'mwamba. Kagudumu kanazungulira kamodzi.

Njovu ija, iyo!

Inali njovu yeniyeni. Inkayenda. Inkakupiza makutu. Inkamwa madzi ndi chitamba. Ireen anatsegula pakamwa. Anasuzumira kuseri kwa foni. Kunalibe njovu. Kunali zala za Anti basi.

"Yalowa bwanji?" ananong'ona.

"Munthu wina anaijambula," anatero Anti. "Anaiika pa intaneti. Manje aliyense angaione."

Ireen anatambasula dzanja.

"Anti, ndilembeko ine."

Anti anamupatsa foni. Ireen anapukuta manja padiresi. Analemba ndi chala chimodzi. Analemba pang'onopang'ono, monga kusukulu. Analemba kuti: atate anga.

Kagudumu kanazungulira. Panabwera zithunzi zambiri. Panabwera nyimbo za kutchalitchi. Panabwera abambo onyamula ana. Onse anali atate a ana ena.

Anti anamugwira paphewa. "Mwana wanga, foni sikudziwa iwe. Sidziwa kuti atate ako ndani. Lemba dzina."

Ireen analemba kuti: Levison.

Mayo! A Levison anali ambiri. Wina anali ndi mpira. Wina anali mzungu. Wina anali ndi taye yofiira ndi mimba yaikulu.

"Amama!" Ireen anafuula. "Atate ankavala taye?"

"Taye?" mawu anachokera pansi. "Atate ako? Ndi khosi liti? Tsikani apo. Akufa sakhala m'foni."

Ireen anatsitsa foni. Maso ake anatentha. Anti analoza pakona pa galasi. Panali kachizindikiro kofiira.

"Batire likutha," anatero Anti. "Tiyese kamodzi kokha. Ganiza bwino. Foni imadziwa zimene anthu anajambula basi."

Ireen anaganiza. Ndani akanajambula Atate? Kumunda kulibe ojambula. Kudimba kulibe ojambula. Ojambula amapita kumene kuli anthu ambiri.

"Amama! Atate ankapita kuti kwa anthu ambiri?"

Amayi anathyola nkhuni. Thyo!

"Ku Mkaika! Ku Kulamba! Chaka ndi chaka! Ng'oma paphewa, ulendo. Ine kundisiya ndi mbuzi ndi iwe kumsana."

Ireen analemba kuti: Kulamba Mkaika ng'oma.

Kagudumu kanazungulira. Kanazungulira. Ndipo galasi lonse linadzaza.

Ireen anali asanapiteko ku Kulamba, mwambo waukulu wa Achewa. Tsopano Kulamba inabwera m'manja mwake. Anaona anthu ngati nyerere. Anaona fumbi lofiira. Anaona nsalu zamitundumitundu. Anaona amayi akuvina mozungulira. Zonsezi zinali m'kagalasi kamodzi!

Makanema anali ambiri. Anti anatsegula woyamba. Ng'oma zinalira. Oimba anali achilendo. Anti anakankha galasi ndi chala. Anatsegula wachiwiri. Achilendo. Wachitatu. Achilendonso.

"Ndiwadziwa bwanji?" Ireen anafunsa. "Nkhope yawo sindiidziwa."

Anti nawonso sankaikumbukira bwino. Anawaona kalekale. Anatsegula wachinayi. Munali mapazi okhaokha ndi fumbi. Anti anakankhanso.

Pansi panamveka phokoso. Nkhuni zinagwa. Khwaa!

"Abigail! Bwerera!"

"Asisi, umo muli mapazi chabe."

"Ndati bwerera! Ndili ndi makutu ine!"

Amayi anakwera thanthwe. Anakwera ndi manja ndi mapazi. Mbuzi zinathawa. Duku linagwa. Sanalitole.

Anti anabwerera ku kanema wa mapazi uja. Onse atatu anaika mitu pamodzi. Ng'oma zambiri zinkalira. Koma imodzi inkalira mwayokha.

Mbi! Mbi! Kenako zii. Kenako mbimbimbi!

Ireen anayang'ana zala zake. Zinkaimba pabondo lake. Zinkaimba chimodzimodzi.

"Ndi iwo," amayi ananong'ona. "Palibe wina ankaimba chonchi. Ngakhale pachitseko ankagogoda chonchi. Ndinkamva ali panja, ndinkadziwa kuti abwera."

"Koma ali kuti?" anatero Ireen.

M'galasi munali mapazi. Mapazi ndi fumbi. Mapazi ndi nsalu. Wojambula ankakonda mapazi.

"Wojambula wanji uyu?" amayi anakalipa. "Kweza maso, iwe! Mapazi tili nawo kwathu kuno!"

Kachizindikiro kofiira kanaphethira.

Ndipo wojambula anatembenuka.

Panaoneka ng'oma. Panaoneka manja awiri akuda, othamanga. Panaoneka malaya oyera, onyowa ndi thukuta. Kenako panaoneka nkhope.

"Imitsa!" amayi anafuula.

Anti anagwira galasi. Kanema anaima. Anti anadina m'mbali mwa foni. Tcha!

"Ndasunga chithunzi," anatero Anti. "Ngakhale netiweki ithawe, ichi sichithawa."

Ireen anayang'ana. Sanaphethire.

Atate anali ndi chipumi chachikulu. Anali ndi makutu aang'ono. Ankaseka. Pakati pa mano awo panali mpata.

Ireen anaika lilime pamano ake. Mpata unalipo. Womwewo.

"Amama," anatero, "ali ndi mano anga."

"Iwe ndiye uli ndi mano awo," anatero amayi. "Taonani munthuyu. Akuseka. Malaya amenewo ndinachapa ndine. Ndinati asavale kufumbi. Anamva? Sanamve."

Amayi anaseka. Misozi inatsika. Anaseka ndi kulira pamodzi. Anapukuta galasi ndi nsonga ya chitenje, ngati akupukuta thukuta pankhope ija.

"Anatenga njinga," anatero amayi. "Anatenga sutikesi. Uyu aiwala kutenga. Abwere ndi ngolo yawo. Amutenge tione!"

Ireen anagwira nkhopeyo ndi chala chimodzi.

"Muli bwanji, Atate?" anatero. "Ndine Ireen. Ndakula."

Galasi linathima. Batire linatha.

Ireen anadzidzimuka. "Apita!"

"Sanapite," anatero Anti. "Ali momwemo. Mawa nditchaja foni ku Katete. Ndikatsukitsa chithunzi papepala. Chachikulu."

"Ziwiri," anatero amayi. "China pakhoma. China ndibisa pamene ndikudziwa ndekha."

Anatsika thanthwe. Anatola duku. Anatola nkhuni. Atafika kunyumba, amayi anatenga ndowa. Sananene kuti, "Pita ukatunge madzi." Anaitembenuza. Anaiika patsogolo pa Ireen.

"Imba," anatero.

Ireen anayang'ana amayi. "Simukalipa?"

"Ndikalipa ukaimba mwaulesi. Imba ngati mwana wa a Levison."

Mbi! Mbi! Kenako zii. Kenako mbimbimbi!

Anti anaomba m'manja. Nkhuku zinabalalika. Amayi anamanga chitenje m'chiuno. Anavina pabwalo mpaka fumbi linakwera.

Ireen ankaimba ndi kuseka. Mpata wa mano ake unali poyera.