Kamba wa Nyenyezi za M'nyanja

Atusaye amakhala ku Springburn, mu mzinda wa Glasgow, ndi amayi ndi abambo ake. Atusaye ndi mwana wa nkhawa. Akaona njiwa pa siteji ya basi, amafunsa ngati yadya.

Amayi ake amagwira ntchito pa sitima ya pamadzi. Amapita kutali kumpoto, kwa madzi oundana. Kumeneko nyanja imalowa pakati pa mapiri. Amayi amatsitsa kamera pansi pa nyanja. Amafufuza tinyama tokhala m'matope.

Tsiku lina amayi anamuonetsa chithunzi. Panali nkhono. Panali nyongolotsi. Panalinso tinyama ta miyendo isanu yowonda.

"Izi ndi nyenyezi za m'nyanja," anatero amayi.

"Zimadya chiyani, Amami?" anafunsa Atusaye.

"Nthawi yotentha dzuwa sililowa kumeneko. Ndere zimamera pamwamba pa madzi. Kenako zimagwera pansi, nyenyezi n'kumadya."

"Nanga nthawi ino yozizira?"

"Dzuwa silituluka. Kumakhala mdima miyezi yambiri. Ndere sizimera."

Atusaye anayang'ananso chithunzi chija. Dzuwa kulibe. Ndere kulibe. Chakudya kulibe. Mtima wake unayamba kuwawa.

Mawa lake amayi ankanyamuka ulendo. Abambo anakazinga mtedza. Anauika m'kabotolo.

"Munthu sayenda wopanda kamba," anatero abambo.

Atusaye anamva bwinobwino. Mwana uyu makutu ake sagona. Anatapa mtedza wina. Anaumanga m'kapepala. Anajambulapo nyenyezi ya miyendo isanu. Anaubisa mu nsapato ya amayi.

Amayi ananyamuka. Atafika pa sitima, anaimba foni.

"Atu, ndapeza mtedza mu nsapato," anatero amayi.

"Si wanu, Amami. Ndi wa nyenyezi. Mukauponye m'madzi."

"Pepa mwana wanga. Sitiloledwa kuponya chakudya m'nyanja."

"Ndiye zidya chiyani?"

Foni inaduka. Kumeneko kunali chimphepo.

Atusaye anadikira. Foni sinalire. Anapita kusukulu. Anabwerako kutada kale. Foni sinalire. Mvula inagwa pa windo. Foni sinalire.

Atusaye anachita mantha kwambiri. Ankaona nyenyezi zili mu mdima. Ankaziona zikufunafuna chakudya. Ankaziona zitauma gwa.

Lamulungu kutchalitchi anthu anaimba. Atusaye sanaimbe. Abambo anaphika mpunga ndi nyemba. Atusaye anangoyang'ana mbale.

"Idya, iwe," anatero abambo.

"No, Dadi. Anzanga sanadye."

"Anzako ati?"

"A pansi pa nyanja."

Abambo anafuna kuseka. Anaona misozi, ndipo sanaseke. Anamukhazika pamiyendo. Onse anayang'ana foni.

Kenako foni inalira. Anali amayi, ndipo ankaoneka pa foniyo. Anavala chipewa chachikulu. Mphuno yawo inali itafiira ndi chisanu.

"Chimphepo chatha," anatero amayi. "Kamera tatsitsa lero. Taona izi."

Poyamba panali mdima. Kenako nyali ya kamera inayaka. Panaoneka matope. Matope, matope, matope okhaokha.

"Zafa zonse," anatero Atusaye.

"Yang'anitsitsa," anatero amayi.

Atusaye anayandikira. Matope anagwedera pang'ono. Kamwendo kowonda kanatuluka. Kenako kena. Kenako kena. Inali nyenyezi. Pambali pake panali ina. Kutsogolo kunali zina zambirimbiri.

"Zili moyo," ananong'ona Atusaye. "Koma zikudya chiyani?"

"Ndere zinagwa zambiri nthawi yotentha," anatero amayi. "Sizinathe. Zina zinabisala m'matope. Madzi ozizira amazisunga. Nyenyezi zimadya pang'onopang'ono mpaka dzuwa libwere."

"Ohoo," anatero abambo. "Ndiye matopewo ndi nkhokwe yawo."

"Nkhokwe n'chiyani, Dadi?"

"N'kanyumba kosungamo chimanga kwathu ku Malawi. Timakolola kamodzi, timadya chaka chonse."

Atusaye anayang'ananso. Nyenyezi inapinda mwendo. Inatapa thope. Inapititsa kukamwa. Inali kudya ndithu, ngakhale inkachedwa ngati munthu wopanda mano.

Mtima wa Atusaye unakhala pansi. Mimba yake inalira. Inalira mokweza, mpaka amayi anamva pa foni.

"Ndani ameneyo?" anafunsa amayi. "Chimphepo chafikanso ku Glasgow?"

Atusaye anaseka. Abambo anatenthetsa mpunga ndi nyemba. Anaimika foni pa tebulo, pafupi ndi mchere. Amayi anakhala pansi ndi mbale yawo ya supu.

Atusaye anasamba m'manja. Anatenga sipuni. Koma sanayambe kudya.

"Amami, bwezani kamera ija. Munthu sadya yekha anzake ali kumbali."

Amayi anaonetsanso matope aja. Nyenyezi zinali pomwepo.

"Karibu, anzanga," anatero Atusaye.

Amayi anadya. Abambo anadya. Nyenyezi zinadya. Atusaye anamaliza mbale yonse, n'kupempha mpunga wina.