Kabokosi mu Poto wa Apongozi

Linali Lachitatu, nyengo yosoka fodya. Tinaweruka dzuwa litalowa, zala zili bii ndi utomoni. Ndinasamba, ndinamuyamwitsa Goodness, kenako ndinatenga foni.

Mwana wangayu anabadwa ndi mlomo wong'ambika. Akamayamwa, mkaka wina unkatulukira m'mphuno. Masana a tsikulo alangizi a zaumoyo ananditumizira uthenga woti kukubwera madokotala osoka ana otere mwaulere, koma ofuna alembetse pa intaneti ndi kutumiza chithunzi. Kalembera ankatseka naini koloko usiku womwewo.

Kwathu ku Njombwa nyumba yathu ili kumunsi, kufupi ndi dambo, ndiye netiweki ya foni siifikako bwino. N'chifukwa chake amuna anga, a Cosmas, asanabwerere ku Joni anatigulira kabokosi ka wayifayi kokhala ndi batire m'kati. Anatikonzera ndi a Walter, aphunzitsi a kupulayimale, n'kukaika pawindo loyang'ana ku Boma.

Ndinadina linki imene alangizi anatumiza. Kanthu kanayamba kuzungulira. Kuzungulira, kuzungulira, tsamba lili mbee.

Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, koma foni ndimaidziwa. Ndinaizimitsa n'kuiyatsanso. Chimodzimodzi. Bandulo ndinali nditagula dzulo lake. Nditapita pawindo, ndinapeza chingwe chokha chikulendewera. Kabokosi kulibe.

Ndinaganiza kuti kabedwa. Koma nditayang'anitsitsa pafoni, chizindikiro cha wayifayi chinalipo, kadontho kamodzi, kubwera n'kuzimiririka. Ndiye kuti sikanabedwe. Kanali pafupi, ndipo kanali koyaka. Ndinafufuza kunsi kwa bedi, m'dengu la zovala, mpaka m'thumba la feteleza. Apongozi anga, amene amatsala ndi mwana masana, anali atapita kukagona kumaliro kutsidya kwa mtsinje, ndipo foni alibe.

Mvula inayamba. Eyiti koloko inadutsa. Ndinakhala pansi, Goodness ali pamiyendo, ndikungomuyang'ana pakamwa.

"Odi."

Panalibe kugogoda. Mawu okha. Galu wathu, amene amauwa ngakhale tsamba likagwa, anali atabisala kunsi kwa benchi, ali zii.

"Ndani?"

"Ndine Walter, mayi a Goodness."

"Aphunzitsi! Ndi mvula imeneyi? Lowani."

"Ayi, sindikhalitsa. Tengani tochi mubwere kuchigafa."

Mkazi wa mwini, mwamuna ali ku Joni, kutuluka mumdima ndi bambo wina: anthu a kuno sasowa chonena. Koma ndinayang'ana nthawi, ndinabereka mwana, ndinatuluka.

Ndinawapeza ataima kumapeto kwa chigafa, pakati pa fodya wolendewera. Sindinawaunike kumaso, si ulemu. Ndinaunika pansi. Nsapato anavala imodzi. Kuseri kwa dzanja kunali pulasitala. Malaya awo anali ouma, pamene ine, kungodutsa pabwalo, ndinali nditanyoweratu. Ndipo pamwamba pa fungo la fodya panali fungo lina, la mankhwala a kuchipatala.

"Pansi pa masaka apo," anatero.

Ndinachotsa masaka. Panali poto wamkulu wa apongozi, wovundikira, pamwamba atatsamiritsa njerwa. M'kati munali kabokosi kathu, katakulungidwa m'duku, kakuphethira kofiira.

"Chitsulo chimatsekereza," anatero a Walter. "M'menemo sikangamve, sikangayankhule. Kazimitseni, muwerenge mpaka sate."

Ndinawerenga mokweza. Iwo sanasunthe. Kupuma kwawo sindinakumve.

"Kayatseni. Kwerani pamtanda, mukakweze m'mwamba, kaloze ku Boma."

Ndinakwera, mwana ali kumsana, dzanja lina kabokosi, lina foni, tochi ndi mano. Kofiira kaja kanaphethira kawiri, kenako kanasanduka kobiriwira. Tsamba linatseguka.

Mafunso anali a Chingerezi. Ndikangokakamira, mawu ankachokera pansi: "Apo lembani tsiku lobadwa." Patsogolo pang'ono: "Apo ndi sikelo ya mwana." Foni inali kumaso kwanga, iwo ali kutali mumdima. Zimenezi ndinaziona, koma ndinaziika pambali. Ndinatumiza chithunzi, ndinadina komaliza. Uthenga unabwera woti alandira. Kunali kutatsala mphindi khumi ndi zitatu.

"Aphunzitsi, Mulungu akuda..."

Fodya yekha ndiye ankagwedezeka. Ndinaunika pabwalo ponse. M'matope munali mapazi anga okha, opita kuchigafa.

M'mawa apongozi anafika, ndipo nditawafunsa za kabokosi sanakane.

"Kanthu kanu kaja kamaphethira moto wofiira, mitambo itada bii. Mumafuna kaitane mphezi m'nyumba muli mdzukulu wanga? Mwakapeza bwanji?"

"Anandilozera a Walter."

Anakhala pansi pakhonde pomwepo. "Walter wake uti? Aphunzitsi aja anagundidwa ndi galimoto Lolemba ali panjinga, kumsewu waukulu. Ali kuchipatala, sakuyankhula, sakutsegula maso. Usiku kumaliro timawapempherera."

Nkhani inayenda mudzi wonse. Ena ankati munthu akakhala pakati pa moyo ndi imfa, mzimu wake umayendera ntchito zimene anasiya. Ena ankatsitsa mawu n'kumati aphunzitsi aja ndi okhwima. Ena ankati ndinalota. Ine sindinkatsutsa aliyense. Ndinkangowaonetsa uthenga pafoni.

Goodness anamusoka mwezi wa Meyi. Pano amayamwa osataya dontho, ndipo akaseka, kachipsera kamachita kukongola.

A Walter anatsitsimuka patapita masiku asanu ndi anayi. Atatuluka, ndinawatengera tambala. Ndinawapeza pakhonde, ndodo zili pambali. Ndinagwada, ndinafotokoza mwachidule, ndinathokoza.

Anaseka. "Mayi a Goodness, za sabata imeneyo sindikumbukira kalikonse. Koma tambala yekhayu sindikana."

Ndinatsanzika. Nditafika pampanda, anandiitana.

"Apongozi anu mukawauze kuti poto ndi wophikira. Nanga njerwa ija pamwamba, ankaopa kuti kathawa?"

Za poto mudzi wonse unkadziwa. Za njerwa sindinauzepo munthu, ndipo apongozi amalumbira kuti nawonso sanatero.

Ndinangoti, "Zikomo, aphunzitsi." Mwana ali kumsana, ndinapita kwathu osacheuka.