Mauthenga a M'mawa a Langton

Luckness anatsala pang'ono kuiponya foni yake mumsewu. Anali pa siteji ya basi ku Mtengowanthenga, akulimbana ndi tsamba la pa intaneti lofufuzirapo ntchito. Akadina apa limangozungulira, akadina apo limafuna imelo, bandulo nayo ikungotha.

"Amene anapanga chinthu ichi ndi mfiti ndithu!" anatero mokweza.

"Mfitiyo ndine, achemwali," anayankha moseka mnyamata wonyamula chikwama cha laputopu. "Ndine Langton. Bungwe lathu landituma kuti ndilikonzenso tsambali. Mungandithandize?"

Basi, zinayambira pomwepo. Loweruka lililonse ankakhala pakhonde la golosale. Langton ankamupatsa foni n'kumangoyang'ana pomwe chala chake chikuzengereza. Luckness naye sankabisa mawu.

"Chingerezi chokhachokha bwanji? Ikanimo Chichewa. Zithunzizi chotsani, zikutidyera bandulo. Ndipo ntchito ikapezeka ku Dowa kuno, uthenga uzibwera wokha, ngakhale pa foni ya mabatani."

"Mutu wakowu ndi wodula, duwa langa," anatero Langton.

Duwa langa? Mtsikana wa anthu anasowa poyang'ana! "Inu" uja anathera pomwepo.

M'mawa uliwonse foni inkalira. "Luckness, shuga wa mtima wanga, wadzuka bwanji? Popanda iwe sindine kanthu." Tsiku lina unabwera uthenga umene unamuvinitsa yekha m'dimba: "Tsambali likangotha, ndituma amalume kwanu. Ndalumbira."

Ndani akanasunga nkhani yotere? Anauza mayi ake, mayi ake anauza alongo awo, ndipo pofika Lamulungu amayi onse a kwaya ku parishi anali akumutcha mkwatibwi.

Tsiku lokhazikitsa tsamba latsopanolo linafika. Mwambo unali mu holo ina pa Ntchisi Boma, ndipo onse amene anathandiza kuliyesa anaitanidwa. Luckness anakhala pa benchi imodzi ndi atsikana awiri, Hana wa ku Mvera ndi Princess wa pa Boma pomwepo. Langton anali kutsogolo ndi mabwana ake, atavala jekete, akudinadina laputopu.

Mwadzidzidzi mafoni atatu analira nthawi imodzi.

Luckness anawerenga akumwetulira: "Luckness, shuga wa mtima wanga, lero tikhale ngati sitikudziwana, mabwana alipo. Ndimakonda iwe wekha."

Atadzutsa mutu, anaona Hana naye akumwetulira. Diso lake linagwera pa foni ya mnzakeyo. Mawu omwewo! Chosiyana chinali dzina lokha.

"Mayo ine!" Princess anagwira pakamwa, foni yake ili poyera. "Inunso anakulonjezani za amalume?"

"Nanga!" anayankha Hana. "Akugwiritsa ntchito njira ija yotumizira mauthenga a ntchito. Amalemba kamodzi, makina n'kuikamo dzina la aliyense."

Luckness anayang'ananso foni yake. Njirayo anaiganiza ndi iye yemwe, pakhonde la golosale lija! Ndiye kuti m'mawa monse muja ankapsompsona foni chifukwa cha makina? Nanga kwa mayi ake akanena kuti chiyani?

Posakhalitsa bwana wamkulu anamuitana kuti anene momwe tsambalo analionera. Luckness anaimirira.

"Tsambali ndi labwino, bwana," anatero, misozi ikutsika. "Makamaka mauthenga. A Langton amalemba kamodzi kuti 'ndimakonda iwe wekha', uthengawo n'kutifika atsikana atatu nthawi imodzi. Mafoni ndi awa."

Holo yonse inatembenukira kwa Langton. Luckness sanadikire fanta kapena samusa, anatuluka, Hana akumutsatira.

Anakwera minibasi imodzi. Pamene inkatsika mapiri a Ntchisi, ikugwedezeka m'mabampu, foni ya Luckness inalira. Koma mtima, abale! Unadumphabe.

"Luckness, ndikhululukire. Enawo ndimangocheza nawo. Wanga weniweni ndiwe."

Anauwerenga kawiri. Mwina akunena zoona? Mwina apa walemba ndi dzanja lake, akulira? Anatembenuka kuti amuonetse mnzake.

Hana anali atamutambasulira kale foni yake.

"Hana, ndikhululukire. Enawo ndimangocheza nawo..."