Makapisozi a Apongozi

Khanda la Arlete lisanatuluke n'komwe m'chikuta, linasiya kuyamwa, thupi lili moto, mchombo ukutuluka mafinya. Mayi ake a Arlete, a Gracinda, sanachedwe kupeza wolakwa.

"Ndi tsempho ili! Mwamuna wakoyo tsiku ndi tsiku ali ku Muloza ndi njinga. Ukuganiza amangogulitsa nyemba zokha? Wamusempha mwana!"

Renato, mwamuna wa Arlete, anamva zonse ali kuseri kwa nyumba. Mkamwini sayankha apongozi, ngakhale kuwayang'ana kumaso. Misozi ili chuchuchu, anakweza mkazi ndi mwana panjinga.

Kuchipatala cha ku Milange anabaya khandalo jakisoni, mawa lake wina, koma kutentha osatsika. A Gracinda anafika atanyamula thumba la zovala za Renato n'kuliponya pakhomo la wodi.

"Aulule hule lakelo, apo ayi azipita kwawo!"

"Renato, ngati n'zoona ingonena," Arlete analira atamugwira malaya. "Ndikhululuka, bola mwana wanga akhale moyo."

Mtima wa Renato unasweka. Ngakhale Arlete?

Namwino anatuluka akupukuta manja. "Ufa uli pamchombowu anathira ndani?"

"Ndi kapisozi, a Namwino, wofiira ndi wachikasu uja," anatero a Gracinda monyadira. "Kwathu timamwa tonse. Arleteyunso ndinkamupatsa ali ndi pakati, mutu ukangoti waa."

"Mayi, tizilombo tili m'magazi mwa mwanayu tinazolowera mankhwala. Mukamamwa makapisozi ngati mtedza, tizilomboto timakhwima. Jakisoni wathu sakutipha. Wamphamvu ali ku Quelimane, ndipo sindikulonjeza kuti mwana akafika wamoyo."

Renato anagwada pasimenti. Makapisoziwo ankawagula ndi iyeyo pamsika wa kumalire ku Muloza, kuwakulunga bwinobwino m'pepala, kuti apongozi amukonde. Anadzutsa mutu, nawayang'ana m'maso koyamba chikwatirireni.

"Amayi, mkazi wina ndilibe. Chomwe ndinkabwera nacho ku Muloza ndi chomwe munkandituma."

A Gracinda anaweramitsa mutu.

Ambulansi yopita ku Quelimane itafika, dalaivala anati malo otsala ndi a munthu mmodzi woperekeza Arlete. Pamwambo, malowo ndi a mayi wa mkazi, ndipo a Gracinda anali ataponda kale pachitseko. Anatsika. Anatola thumba lija, nalisasa fumbi, n'kulipereka kwa Renato ndi manja awiri.

"Kwerani ndinu, bambo ake. Zovala muli nazo kale."