Tinamanga Molakwika

Michiru anakumana ndi Tokura Shinpei tsiku lake loyamba m'labotale ina ku Sendai, m'dziko la Japan, atamutayira madzi oundana kumapazi.

"Pepani, Senpai!" anatero Michiru, pomutchula ndi dzina laulemu la wamkulu pantchito, akuwerama mpaka tsitsi kukhudza tebulo.

"Mwachita bwino. Mapazi angawa amatenthanso," anayankha Shinpei.

Ntchito yawo inali pa enzayimu yotchedwa PDI. Puloteni ikamapindika m'selo imamanga timfundo ta salufa, ndipo tina timamangika pamalo olakwika. PDI ndiyo imamasula timfundo totere n'kutimanganso pabwino. Awiriwa ankayesa zimenezi m'timabotolo, ndipo pomwe mitengo ya matcheri inkachita maluwa, "Senpai" uja anali atasanduka "Shin-chan", dzina lachikondi.

"Kamochi kanga," ankamulembera Shinpei pafoni, pomufanizira ndi mochi, kakeke kofewa ka mpunga, "sindidzakusiya, olo pulofesa atandithamangitsa."

Mtsikana wake ndani amene mtima sukanamulumpha? Ntchito yabwino itamupeza kutali ku Fukuoka, Michiru anakonzeka kuikana chifukwa cha iyeyu.

Koma Michiru atapita ndi Shinpei kwawo ku Akita, bambo a Michiru anangoyang'anitsitsa masewera a besibo pa TV osamulankhula mlendoyo. Pobwerera m'sitima, Shinpei anangoti zii. M'mawa mwake pafoni ya Michiru panalowa uthenga wa Shinpei.

"Ndaonanso zonse bwinobwino. Tinamanga molakwika kuyambira pachiyambi. Kulibwino timasule."

Chikondi chonse chija kutha ndi mizere itatu? Michiru analira mpaka maso kutupa, nayankha kuti, "Ndamva. Zikomo pa zonse." Tsiku lomwelo anavomera ntchito ya ku Fukuoka, kenako n'kuzimitsa foni.

Madzulo Shinpei anafika pakhomo pake ali wefuwefu.

"Zikomo wa chiyani iwe? Ndakudikira tsiku lonse! Puloteni yathu ija timfundo take tasokonekera, ndimati timasule tiyambirenso!"

"Puloteni?"

"Nanga chiyani?"

"Ndiye m'sitima muja unangokhala duu bwanji?"

"Ndimaloweza mawu okakupemphera kwa bambo ako! Akulu aja amandinjenjemeretsa!"

Michiru anaseka, koma kuseka kwake kunathera m'misozi.

"Shin-chan, ndalakwa. Ndavomera kale ku Fukuoka. Pulofesa wakumeneko wauza kale anthu ake, sindingabweze mawu."

Ku Sendai Shinpei ankayembekezera kukwezedwa, ndipo Michiru ankadziwa zaka zimene anazithera pamenepo.

"Ku Fukuoka kulibe mapuloteni?" anafunsa Shinpei.

"Usaseke!"

"Sindikuseka. Ndikayambiranso pansi komweko. Koma ndisapite ngati wokuperekeza, ndipite ngati mwamuna wako."

Michiru anamugwira manja onse awiri. Chiyambire sanayamikepo munthu ngati mmene anamuyamikira tsiku limenelo.

"Ndavomera. Koma kwa bambo ukalankhula wekha."

Shinpei anayang'ana wotchi yake.

"Besibo imatha nthawi yanji?"