Tsiku Limene Malemu Analankhula ku Kawale

"Anti, kodi agogo anauka?" anafunsa Tiwale, kamwana ka mchemwali wake wa Kettie, akuloza foni.

Kettie anasuzumira. Bambo ake, amene anawaika m'manda ku Ntcheu chaka chatha, anali kuphethira ndi kulankhula!

Kanemayo anachokera kwa Gilford, chibwenzi chake cha nyumba yoyandikana nayo. Mnyamatayo ankajambula filimu ya mbiri ya okhoma ndowa a ku Kawale, ntchito imene malemuwo anakalamba nayo. Pansi pa kanemayo analemba kuti, "Switi wanga, ndakubwezera adadi. Kompyuta yawaumba ndi zithunzi zija unandibwereka. Ndimakufera!"

Koma bambo a m'foniwo ankalira. "Jemima mkazi wanga, ntchito iyi yandipha ndi umphawi."

Kettie anakamupeza Gilford pakhonde.

"Unapempha ndani?"

"Bebi, khala pansi kaye. Ndimati usangalale."

"Ndisangalale? Bambo anga sanawatchulepo amayi dzina, ngakhale pa mkangano. Anali Anangozo basi! Ndipo ndowa ankazinyadira. Misozi imeneyi waitenga kuti?"

"A mpikisano wa mafilimu amakonda zomvetsa chisoni, dali."

"Ndiye ukalire wekha. Ine ndi iwe zatha."

Mauthenga ankabwera, Kettie osayankha. Kodi munthu wonamizira wakufa angalephere kunamiza wamoyo? Komabe akamva geti la kwa Gilford likulira, mtima unkamupweteka.

Sanadziwe kuti Gilford anatenga amalume ake, nakagwada pamaso pa Anangozo kupepesa. Mpikisano uja anausiya.

Tsiku loonetsa filimu mu holo ya tchalitchi, Kettie anakhala kumbuyo, wokonzeka kutuluka. Itafika mbali ya malemu, panaoneka mpando wawo wopanda munthu, hamala ili pamwamba. Kenako anatulukira amayi ake enieni, atavala duku lawo la Mvano.

"Amuna anga aja ndowa yodontha sankagulitsa," anatero. "Kukongola kokha ndiye ayi, Mulungu anawamana."

Holo yonse inaphulika ndi chiseko! Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu, okhoma ndowa ataimirira. Kettie ankaseka, misozi ikutsika.

Usiku womwewo amayi ake anamufotokozera za kupepesa kuja. M'mawa mwake anapezana ndi Gilford pampanda, aliyense mbali ya kwawo.

"Kettie, ndikulonjeza. Sindidzaikanso mawu m'kamwa mwa munthu, wamoyo kapena wakufa."

Kettie anamwetulira.

"Nanenso ndikulonjeza, aneba. Amalume anu aja akabweranso kudzafunsira mbeta, geti ndidzatsekula ndekha."